Kandege, Zitumbuwa ndi Buluku la Ukwati

Lolemba

Zala zitatu! Ndayesa kawiri. Ndatulutsa mpweya wonse, ndagona chagada pabedi, ndakoka mpaka maso kutuluka, koma pakati pa batani la buluku ndi bowo lake pakulowabe zala zitatu. Ukwati wa Tiko, mwana wanga mmodzi yekhayo, uli Loweruka lino. Ndine woti ndimugwire mkono kuchokera pakhomo la tchalitchi mpaka kuguwa, dera lathu lonse la Kabwata likuyang'ana.

Wolakwa ndamupeza. Ndi ba Mulenga, telala wathu wa kumsika. Anandiyeza mu Lenti. Munthu wanzeru angayeze Mkatolika mu Lenti? Nthawi imeneyo ndinali nditasiya shuga, nyama ndi zokazinga zonse. Pasaka itangodutsa, zonse zimene zinachoka m'thupi zinabwerera, zinabweranso ndi abale awo.

Ndapita nalo buluku m'mawa ndisanalowe ntchito. Alitembenuza, ayang'ana msoko, kenako ayang'ana mimba yanga nthawi yaitali kuposa msokowo. "Ba tata, mukati mulibe nsalu yosala. Apa ochepesa ni imwe, osati buluku." Nsaluyo anasankha yekha Tiko, ndipo kusitolo inatha kalekale. Anati akufuna adadi ake aoneke ngati nduna. Sindingamuuze, ndipo sindingavale buluku lina. Amake Tiko aona zalazo, aseka mpaka kukhala pansi. Ndawalumbiritsa kuti mwana asamve.

Mimbayi sindinaimange ndekha. Zaka khumi ndi zinayi ndikuyendetsa galimoto ya kampani, kupereka mankhwala ndi timaphukusi m'makomo, ndipo pakhomo lililonse pali amisiri ake:

Amayi Phiri a ku Chelstone: zitumbuwa, zochokera m'mafuta pomwepo.
Ba Chanda a ku Woodlands: chikanda, chakudya chakwawo cha mizu ndi nsawa, ndi chipongwe pamwamba. Iwo ndi Mbemba, ine wa ku Katete, ndiye kunyozana ndi ufulu wathu wa chimbuya.
Amayi Zulu a ku Kaunda Square: munkoyo, thobwa la kuno lothira mizu, m'kapu yoti mwana angasambemo.

Kukana? Yesani kukana mayi wa kum'mawa atagwada ndi mbale m'manja.

Koma Mulungu ndi wabwino, anthuni! Lero lomwe kampani yayamba kuyesa droni, ndipo galimoto yosankhidwa ndi yanga. Ndiima pakona. Ndidina pa kakompyuta ka m'manja. Denga la galimoto litseguka, kandege kanyamuka ndi kadengu kake, kakafika pamwamba pa bwalo la munthu katsitsa kadenguko ndi chingwe, munthu atenga phukusi lake, kandege kabwerera padenga. Ine ndili phee pampando, lamba womanga. Osatsika, osagogoda geti, osapatsidwa mpando!

Malamulo a sabata ino:
1. Shuga ayi.
2. Nyama ayi.
3. Nsima mtanda umodzi, madzulo okha.
4. Phazi lisaponde pabwalo la kasitomala.
5. Madzi, madzi, madzi.

Ulendo woyamba, mankhwala a BP a Amayi Phiri. Kandege kuuluka bwinobwino pamwamba pa mitengo ya mango, agalu a mu Chelstone onse kuyamba kwaya. Pakamera ndikuwaona amayiwo atagwira kumutu, kenako akuwomba m'manja kulandira kadengu. Kabwera kopanda kanthu. Ndakapsompsona!

Chakudya cha masana: nkhaka imodzi. Ndikumva kupepuka, ndikumva unyamata.

Foni yalira ndikubwerera ku ofesi. Amayi Phiri. "Ba draiva, takulakwilani chani? Mwatuma chinyoni, imwe muli pa kona, nakuonani." Ndati ndi lamulo la kampani. Iwo angoti, "Oho." Oho ameneyu sindinamukonde.

Kuyeza kwa madzulo: zala zitatu, koma chachitatu chikulowa mothinana. Tikupita!

Lachiwiri

Amayi Phiri aitanitsanso katundu. Dzulo anali mankhwala a mwezi wonse, lero sopo mmodzi. Kasitomala ndi kasitomala, ndatumiza.

Pobwera kandege kakulira mawu ena, okhuthala. Katera padenga, ndikoka kadengu. Mbale ya chitsulo yamaluwa, yomangidwa ndi kansalu koyera, mfundo pamwamba. Fungo ladzaza galimoto ndisanamasule n'komwe. Zitumbuwa zisanu ndi chimodzi, zotentha! Zauluka pamwamba pa nyumba zitatu osazizira.

Foni. "Chotengela sichibwelela chabe pa nyumba panga. Olo ni ndeke, yabwela pa nyumba ya muntu."

Maganizo anga, mwadongosolo lake:
1. Ndikapatsa mlonda wa ku ofesi zonse.
2. Koma Amayi Phiri adzandifunsa ngati zinakoma, ndipo Mkhristu sanama. Ndilawe chimodzi.
3. Chimodzi sichipereka umboni wokwanira. Mwina chinali cha m'mbali mwa poto.
4. Mlonda walandira ziwiri. Wathokoza kwambiri.

Woodlands. Ba Chanda avala jekete dala, aima pakati pa kapinga, achita saluti kandege kakutsitsa mankhwala awo. Kadengu kabwera ndi chikanda chodula bwino, ndi kakalata: "Bashi Tiko, shani? Nasakila mbeba yadi yonse kuti nikutumileni, kulibe. Dyani ichi, muphunzile vakudya va bantu." Munthu woipa kwambiri uyu, ndimamukonda. Ndawerenganso malamulo anga asanu. Chikanda si shuga, si nyama, si nsima. Palibe pamene chikuletsedwa.

Kabulonga. Nyumba ya geti lalitali ija, ya waya wa magetsi pamwamba pa mpanda. Zaka zonsezi sanandipatsepo ngakhale madzi akumwa, ndipo ndinkawanena mumtima. Lero ndikuwadalitsa. Kadengu kabwera kopanda kanthu, mbee! Awa ndiye anthu ophunzira.

Kunyumba kwadzaza. Azakhali a Tiko afika kuchokera ku Katete ndi thumba la nsawa ndi mafunso. Pofuna kuthawa chakudya ndati m'mimba simuli bwino. Andiphikira phala la nsinjiro, ati limakhazika m'mimba. Akhala pambali panga mpaka mbale yachiwiri itatha.

Zala zitatu. Chachitatu chikulowa momasuka, chikuchita kuvina.

Lachitatu

Madamu, abwana athu, asangalala m'mawa. Ati oitanitsa katundu achuluka kuposa masiku onse, droni yatchuka. Ndaona mndandanda: bokosi la machesi, singano, sopo wina, kabotolo ka mafuta odzola, machesi enanso. Onse ndi makasitomala anga akale. Mtima wangoti myuu.

Nkhani yake nayi. Amayi Phiri analemba pa gulu la pafoni la amayi a Chigwirizano a mpingo wawo wa Reformed kuti a draiva akusungidwa m'galimoto osadya. Kuchoka pamenepo yalumphira kwa amayi a Anna Woyera. Amayi Zulu, Akatolika anzanga, akwiya zedi. "Mwana watu wa Katolika azidyesewa na ba Reformed ise tilipo? Yayi!" Nkhondo ya mipingo yayamba, ndipo bwalo lake ndi mimba yanga.

Zotsika ndi kandege lero: machesi, singano, sopo.

Zokwera:
mbatata yophika, mbale yodzaza
nsawa zokazinga ndi mchere
chimanga chootcha chiwiri
dzungu, theka
munkoyo, botolo limodzi
zitumbuwa (a Reformed sakugonja)

Masana Madamu aimba. "Ba draiva, kompyuta ionesa ati droni ibwela yolema kuchila mwamene yayendela. Ichitika bwanji?" Ndati mwina ndi mphepo. Vuto ndi loti m'kamwa munali mbatata, ndipo mbatata imamveka pafoni.

Andiitana ku ofesi, amata chipepala pakadengu, zilembo zazikulu: CHONDE MUSAIKEMO KANTHU. ZIKOMO. Ndasangalala kwambiri. Lamulo lolembedwa! Ndani angatsutse pepala?

Ndinaiwala, nawonso Madamu aiwala chifukwa anakhalitsa kunja, kuti kwathu mlendo woleredwa bwino amayamba wakana. Ukamupatsa akati ayi zikomo, ndiye kuti ali ndi njala koma ali ndi makhalidwe. Ndabwerera ku Kaunda Square ndi machesi achiwiri aja. Pakamera ndikuwaona Amayi Zulu akuwerenga chipepalacho chala chili pa zilembo, akugwedeza mutu mokhutira, akulowa m'nyumba. Mabotolo awiri! Foni: "Ndeke yanu ili na nkhalidwe maningi. Yakana monga mulendo weniweni."

Ndafika kunyumba dzuwa likadalipo, ndazembera kuseri kukalumphalumpha pafupi ndi thanki ya madzi. Ndalumpha kakhumi, munkoyo ukuchita phokoso m'kati ngati chigubu cha pangolo. Tiko wanditulukira ndi mndandanda wake wa alendo m'manja. "Adadi, suti mwaiyesa?" Ndati ikukwana ngati ndinabadwa nayo. Wandikumbatira mosangalala, ndipo manja ake sanakumane kumbuyo. 

Ndamunamiza mwana wanga. Zandiwawa, moti nsima ndadya mtanda umodzi wokha ngati mmene lamulo likunenera, kwa nthawi yoyamba.

Zala zitatu ndi theka. Theka limeneli lachokera kuti?

Lachinayi

Ndadzuka ndi nzeru yatsopano: choonadi. Anthuwa ndi Akhristu, ndikawauza vuto langa andimvera chisoni. Ndalemba timakalata, kamodzi m'kadengu kalikonse: "Mwana wanga akwatiwa Loweruka. Buluku silikutseka. Chonde ndithandizeni, musanditumizire chakudya."

Pa mawu onsewo, iwo awerenga anayi oyambirira okha.

Foni siikupuma. Nthungululu za m'khutu! "Ka Tiko kaja kokwela mu motoka ya kampani pa holide? Kakula so? Nanga simunakambe bwanji?" Amayi Phiri alira pang'ono, kenako andikalipira, kenako aliranso.

Zokwera m'mawa wokha:
mthiko, wa mkwatibwi
sefa, ya mkwatibwi
chitenje chabwino kwambiri, cha amake mkwatibwi
mbatata, yanga (ati yophika siinenepetsa)
nthochi zowiritsa, zanga (ati zimatsuka m'mimba)
chikanda, ndi kakalata ka ba Chanda: "Mimba ni ulemu. Tate oyonda bazaganiza ni draiva."

Ndine draiva, ba Chanda!

Ndathawira ku Kabulonga kuti ndipume. Ndatumiza phukusi ku nyumba ya anthu ophunzira ija ndi mtima wonse. Kadengu kabwera ndi masamusa atatu m'kapepala kowala. Wolemba ndi mayi wophika wa m'nyumbamo: "Ba bwana bali kunja. Naine ndine wa Chigwirizano." Ngakhale Kabulonga yagwa!

Cha m'ma 14 koloko masana, Chelstone. Amayi Phiri aitanitsa singano ina. Ndadikira, ndadikira, kandege osaoneka. Kenako ndimva anthu a pa siteji ya minibasi akukuwa, onse akuloza kumwamba. Uko kakubwera, kopendekeka, kakulira ngati kakupempha chikhululukiro. M'kadengu muli nkhuku. Yamoyo! Miyendo yomangidwa ndi kansalu, mutu uli kunja, ikuyang'ana Chelstone yense pansi mosatekeseka ngati yabwera kudzaona mapuloti. Makondakitala aimba malikhweru, mayi wina wogulitsa tomato wagwada n'kuyamba kupemphera. Katera bwinobwino, ine thukuta kamukamu. Ati ndi nkhuku ya mkwatibwi yoyambira banja.

Yayenda nane masana onse pampando wakutsogolo. Pa Longacres yaikira dzira. Sindinadye, ndilembe zimenezi kuti zidziwike.

Chomaliza, Kaunda Square. Amayi Zulu atulutsa munkoyo wawo wapadera, wa masiku atatu, umene amasungira alendo olemekezeka. Botolo la pulasitiki lofufuma, dzuwa likuswa mtengo, kandege kakuligwedeza njira yonse. Kafika pamwamba penipeni pa galimoto, denga lili chotsegula, ine ndayang'ana kumwamba kukalandira. Phuu! Chitsekero uko. Mvula ya munkoyo pa kandege, pa mipando, pa nkhuku, pa ine. Kandege katsokomola kawiri, kakhala pansi padenga, kazima.

Ndanyambita milomo. Ndinene zoona, unali munkoyo wabwino kwambiri chaka chino.

Zala zinayi. Ndayeza ndi dzanja lamanzere kuti mwina zala zake n'zazikulu. Zinayinso.

Lachisanu

Kandege kagonekedwa ku ofesi, amisiri akukatsuka ndi kaburashi, nyerere zapanga mzere kuchokera pakhomo. Ndimayembekeza kukalipiridwa. Madamu andiyang'ana, ayang'ana nthenga zili pampando, afunsa funso limodzi lokha: ngati chikanda chija chatsalako. Ndawapatsa. Atseka chitseko cha ofesi yawo.

Koma katundu woitanitsidwa ayenera kufika. Ndi miyendo. Lamulo lachinayi lafa imfa ya mwadzidzidzi, enawo analitsogolera kale.

Geti loyamba, mpando. Geti lachiwiri, mpando ndi tebulo. Kwa Amayi Zulu ndapeza amayi a Anna Woyera asanu atavala yunifolomu, akundidikira ndi nyimbo. Ndayesa kunena za buluku, Amayi Zulu andidula mawu. "Tate wa mukwatibwi safunika kuoneka wa njala pa vitunzi. Bantu bazakamba ati mwana enze kuvutika pa nyumba." Mfundoyi ndalephera kuitsutsa, makamaka chifukwa ndinali ndikutafuna.

Ba Chanda andiyendera mozungulira ngati akugula ng'ombe, andimenya pamimba, ati tsopano ndafika poti angandipatse ulemu.

Amayi Phiri andikhazika pakhonde, pampando wa malemu amuna awo. Sanathamangire kukhitchini ngati masiku onse. Akhala kaye. "Ndeke ni yabwino, ifika musanga. Koma siifunsa ati mwauka bwanji." Ana awo onse ali kutali, geti limagogodedwa kawirikawiri ndi ine ndi munthu wowerenga mita ya madzi. Ndachita manyazi. Masiku anayi ndakhala pakona, mita zochepa chabe, ndikubisala kwa mayi wokalamba chifukwa cha batani. Ndawafunsa mmene adzukira. Yankho latenga ola lathunthu ndi zitumbuwa zitatu, ndipo sindikudandaula ngakhale chimodzi.

Kunyumba ndatseka chitseko cha kuchipinda, ndavala buluku, ndaitana amake Tiko. Dzanja lonse likulowa, chala chachikulu chokha n'chimene chatsala kunja. Nthawi ino sanaseke. Ayenda mozungulira, aganiza, afunsa ngati kandege kali ndi chingwe china chapadera. Chilipo, m'bokosi la zipangizo m'galimoto. "Chinanyamula nkuku pa Chelstone yonse, chingakangiwe buluku?"

Tayesa. Chingwe kudutsa m'bowo la batani, kuzungulira m'timalupu tonse, mfundo kumbali. Malaya pamwamba, jekete lotseka mabatani onse. Pagalasi ndikuoneka nduna ndithu, bola ndisakhale pansi, ndisatsokomole, ndisaseke, ndisapume kwambiri.

Azakhali atumiza phala lina. Ndadya. Panopa palibenso chopulumutsa.

Loweruka

Misa ya Chikatolika, anthu inu! Sindinadziwe kuti timaimirira, kukhala ndi kugwada kambirimbiri chonchi. Nthawi iliyonse chingwe chikulankhula nane. Koma ndiyambe poyambira.

Pakhomo la tchalitchi. Kwaya yayamba, anthu onse atembenuka. Tiko waima pambali panga, woyera mbee, wokongola moti ndikuchita kumuopa. Walowetsa dzanja lake m'mkono mwanga. Ndiye zala zake zakhudza mfundo ija kumbali. Waisisita kamodzi, kawiri. Mtima wanga waima.

"Adadi, ni chingwe cha ndeke ichi?"

Pansi pa nsalu yophimba nkhope ndikuona mapewa akugwedezeka. Akuseka! "Amama ananiuza Mande. Yendani chabe pang'ono pang'ono. Nifuna njila italike."

Mande! Sabata yonse ndavutika ndi nkhaka, kulumpha kuseri kwa thanki, kunama, pamene m'nyumba monse akudziwa. Ndikanakwiya, koma kukwiya kumafuna mpweya.

Tayenda. Phazi limodzi, kupuma, phazi lina. Ine ndikusamala buluku, iye akusamala misozi, ndipo tchalitchi chonse chikuona ulemu wokhawokha. Amayi akulira. Nthungululu kumbuyo, ndikuzindikira mawu a Amayi Zulu. Sindinawaitane, abwera. Amayi Phiri nawonso, mu yunifolomu ya Chigwirizano pakati pa Akatolika, mutu uli m'mwamba. Podutsa pa benchi la ba Chanda ndamva akunong'ona mokweza dala: "Ayenda monga bishopu, uyu wakudya mbeba."

Njirayo yatha msanga. Ndaika dzanja la mwana wanga m'dzanja la Chileshe, mnyamata wabwino, ngakhale ndi Mbemba. Misozi yatsika. Ndafuna kampango, koma thumba la buluku lakokeka mpaka kutsekeka, chala sichikulowa. Ndapukuta ndi tayi.

Kumadyerero makasitomala anga afika ndi mapoto awo, ngati kuti chakudya chingachepe. Mbale yanga yadzazidwa ndi mipingo iwiri nthawi imodzi. Ndadya, ndavina ndi Tiko, ndavina ndi amake, ndavina ndi Madamu amene abwera ndi mphatso ya ketulo. Pa nyimbo yachitatu batani la jekete lauluka, lakagwera m'mbale ya azakhali. Aliyang'ana, aliika pambali, apitiriza kudya.

Chingwe sichinaduke. Lolemba ndikauza amisiri kuti katundu wawo ndi wolimba!

Lamulungu

Misa yoyamba ndajomba, ndapita yachiwiri, ndi buluku langa lakale la lasitiki. Ndagwada momasuka. Suti yapachikidwa m'kabati, mwina idzandikwana Lenti ikubwerayi.

Uthenga wa Madamu: kandege kachira, mawa kayambanso, ndipo kadengu akaikira chivindikiro chodzitseka chokha munthu akangotenga phukusi. Ati tsopano palibe angaikemo kanthu. Sakuwadziwa Amayi Zulu. Adzamangirira pachingwe.

Ine ndagonja. Kandege kaziuluka, kazipereka katundu, ndi ntchito yake ndipo kamaidziwa. Ine ndizitsika kukafunsa anthu mmene adzukira. M'galimoto muli mbale za eni ake zisanu ndi zinayi ndi mabotolo atatu, ndipo sindingazibweze zopanda kanthu. Amake Tiko adula keke ya ukwati m'tizidutswa, akulunga.

Azakhali anyamuka m'mawa ndi basi ya ku Katete. Mipando yobwereka yatengedwa. M'nyumba muli zii. Chipinda cha Tiko n'chotsegula, bedi loyala bwino, pakhoma patsala misomali yokha. Ndalowamo kukatseka zenera, ndapezeka ndakhala pabedipo nthawi yaitali.

Chakudya chili paliponse. Mufiriji, pa tebulo, m'mapoto a anthu amene sindikuwadziwa n'komwe. Nkhuku, mpunga, chikanda, zitumbuwa beseni lonse. Palibe buluku londidikira, palibe lamulo, palibe wondiletsa. Sabata yonse ndimapempha Mulungu kuti andichotsere njala, ndipo wayankha lero, mochedwa ndi tsiku limodzi. Palibe chikulowa.

Masana amake Tiko atenga mbale zitatu m'kabati monga mwa masiku onse. Aima nazo pakati pa khitchini. Abwezamo imodzi, ndipo tonse awiri tayang'ana kwina.